Lipoti la munda wa malalanje ku Lunzu: masamba anayoyoka titathirira

Foni inabwera Lolemba m'mawa, sabata yachiwiri ya Okutobala 2024. Mwini munda, bambo wachikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, sanachedwe ndi malonje. Anangoti: "Alangizi, mitengo yanga ikutha. Ina ndikuithirira tsiku ndi tsiku, koma ikufota chimodzimodzi ndi yosathirirayo." Mawu omalizawo ndi amene anandichititsa kusiya zina zonse n'kukwera minibasi ya ku Lunzu, kenako kabaza wa njinga yamoto mpaka kumundako.

Mundawo uli pamalo otsetsereka, otsikira kudambo. Muli mitengo 38 ya malalanje a Valencia, yomezanitsa pa tsinde la mandimu okhakhala khungu aja amene m'mabuku amati rough lemon, ndipo yonse inabzalidwa mu 2016. Kumtunda kuli mzere wa mitengo 9 pa katondo wa timiyala. Pakati pali mitengo 21. Kumunsi, pafupi ndi chitsime cha m'dambo, kuli mitengo 8 pa dothi lakuda la makande.

Mitengoyi yadutsa m'zaka ziwiri zotsutsana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosaleka ku Blantyre kuno, mzere wakumunsi unaima m'madzi masiku oposa sabata. Chaka chotsatira kunabwera ng'amba ya El Niño, ija inachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula italeka msanga chonchi, nthaka inalowa m'chilimwe ili kale yopanda nkhokwe ya chinyontho. Madzi a m'chitsime atayamba kuchepa, mnyamata waganyu ankasenzera mitengo yapafupi: yakumunsi ndowa ziwiri tsiku lililonse, patsinde penipeni, yapakati ndowa imodzi pakadutsa masiku awiri kapena atatu, yakumtunda sinalawe dontho chichokere kumapeto kwa Ogasiti. Mu Seputembala mwini munda anawazanso urea wotsala ku chimanga pansi pa mitengo yakumtunda, poganiza kuti kufotako ndi njala.

Zomwe ndinapeza

Masana a tsiku loyamba mitengo yonse 38 inali itapinda masamba ngati ngalawa. Koma lalanje saliweruza dzuwa lili paliwombo, choncho ndinabwereranso mawa lake mbandakucha. Apa munda unagawika. Mitengo yapakati inali itatambasula masamba usiku, yolimba bwinobwino. Yakumtunda ndi yakumunsi inali chipindire, ndipo munthu woima pamsewu sakanatha kusiyanitsa mizere iwiriyi.

Tinakumba maenje a masentimita 60 molunjika pomwe nthambi zakunja zimathera, chifukwa ndi pamene timizu todyera timachuluka. Kumtunda khasu linkalira ngati likumenya njerwa, dothi louma mpaka pansi pa dzenje. Timizu tinalipo tambiri ndithu. Tinali tofiirira, tolimba, ndipo ukakanda ndi chikhadabo mkati munkaoneka moyera. Chimene chinasowa ndi nsonga zoyera zija za muzu umene ukukula. Mizu imeneyi inali yamoyo, koma itadzitsekera.

Kumunsi dothi linkamata kukhasu patsinde, pomwe mita imodzi kuchokera pamenepo linali long'ambika ndi kuuma. Timizu tinali tochepa kwambiri. Tomwe tinapeza, ukatigwira ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono, khungu linkavuka ngati sokosi, n'kutsala kaulusi koyera. Patsinde dothi linaunjikidwa mpaka kukwirira pomwe anamezanitsa, ndipo titafukula tinapeza khungwa lakuda, lonyowa, likutuluka utomoni wouma ngati shuga wopserera. Pa mitengo itatu chilondacho chinali chitazungulira tsinde lonse. Awa ndi matenda a Phytophthora. Ambiri timangoti fangasi, ngakhale kwenikweni kachilomboka ndi kachibale ka ndere zina za m'nyanja, ndipo n'chifukwa chake mbewu zake zimasambira m'madzi kufunafuna muzu. Madzi a Freddy anakatsegulira khomo, ndowa ziwiri za tsiku ndi tsiku zinkakadyetsa.

Ndiye kuti mizere iwiri yofota mofanana inali ndi mavuto osiyana. Wakumtunda unali ndi mizu koma wopanda madzi. Wakumunsi unali ndi madzi koma wopanda mizu yomwera.

Zimene muzu umachita nthaka ikauma

Titakhala pamthunzi ndinayamba kufotokoza kuti mizu yakumtunda yasintha majini amene ikugwiritsa ntchito. Mnyamata waganyu anaponya khasu pansi n'kundiyang'ana. "Majini? M'munda muno?" Mwini munda anaseka mpaka kukhosomola, n'kumuuza kuti si majini a kwa sing'anga, koma malangizo olembedwa mu DNA ya selo lililonse, kutanthauza kachipinda kosaoneka ndi maso mwa timene timapanga thupi la chamoyo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndanena kaye zimenezi ndisanatchule liwulo.

Kumunda tilibe makina oyezera mahomoni, timankhwala tonyamula mauthenga m'thupi la mtengo. Timawerenga masamba ndi mizu. Koma zomwe zimachitika mkati zinafufuzidwa bwino, zina pa malalanje penipeni. Nthaka ikayamba kuuma, madzi salowanso mosavuta m'maselo a muzu, ndipo maselowo amaphwa pang'ono ngati tayala lochepa mpweya. Khungu la selo limamva kuphwako, n'kulowetsa calcium mkati ngati belu lochenjeza. Jini ina yotchedwa NCED imadzuka. Enzaimu yake, kutanthauza puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo, imadula mamolekyu a gulu la carotenoid, achibale a zomwe zimapatsa karoti mtundu wake, ndipo chidutswa chimodzi chimasanduka homoni yotchedwa abscisic acid, mwachidule ABA. Pa ntchito yonse yopanga ABA, NCED ndiye mpopi: ikatseguka homoniyo imachuluka msanga.

Kunsi kwa tsamba la lalanje kuli timabowo tosaoneka ndi maso, tolowetsa mpweya ndi kutulutsa nthunzi. Kabowo kalikonse kali ndi maselo awiri oulonda. ABA ikafika pamenepo imagwidwa ndi mapuloteni a banja la PYR/PYL, amene asayansi anawazindikira mu 2009. Puloteni yogwira ABA imamanga ina yotchedwa PP2C, imene nthawi zonse imakhala ngati buleki. Buleki ikachoka, enzaimu ya SnRK2 imatsegula njira zotulutsira mchere m'maselo oulonda aja, potassium amatuluka, madzi amamutsatira, maselowo amalefuka, kabowo n'kutseka. Mtengo wasunga madzi, koma walipira: mpweya wopangira shuga sukulowanso. N'chifukwa chake zipatso za mzere wakumtunda zinali zazing'ono ngati mandimu, zambiri zitagwa kale.

Kale tinkaphunzitsidwa kuti muzu ndiwo umapanga ABA n'kuitumiza kumwamba, basi. Ofufuza a ku Castellón ku Spain anaonetsa mu 2015, pa mbande za gulu la malalanje, kuti chilala chikatalika zinthu zimatembenuka: muzu umaperewera zopangira ABA, n'kuyamba kudalira yochokera kumasamba, yotsika kudzera m'timitsempha ta m'khungwa. Ndinaitchula mfundo imeneyi chifukwa mwini munda anali atanola kale chikwanje kuti agwaze nthambi zonse, akuti mtengo upume. Masamba opindikawo ndi amene ankatumizira muzu shuga wotsala ndi homoni yomwe. Kuwadula kukanasiya muzu wamasiye, n'kuonetsanso khungwa ku dzuwa la Okutobala. Chikwanje chinabwerera m'nyumba.

M'muzu momwemo muli zitseko zina. Madzi ambiri sadutsa khungu la selo paliponse; amadzera m'timipata ta mapuloteni otchedwa aquaporin. Peter Agre analandira mphoto ya Nobel mu 2003 chifukwa chowapeza m'maselo ofiira a magazi a munthu, ndipo zomera zili nawo ambirimbiri. Nthaka ikauma kwambiri, muzu umatseka ena mwa mapuloteniwa n'kuchepetsa kupanga atsopano. Poyamba zimamveka ngati kupusa, kutseka pakamwa uli ndi ludzu. Koma dothi louma ngati la kumtunda kuja limakoka madzi mwamphamvu kuposa muzu, moti zitseko zikakhala pululu, madzi amachoka mumtengo kupita m'dothi. Pamwamba pa izi muzu umadzipaka suberin, phula lofanana ndi la chotsekera botolo la vinyo. Kufiirira ndi kulimba kwa timizu tomwe tinafukula n'kumeneko. Muzu wotere sufa msanga, koma sumwanso mwachangu tsiku lomwe madzi abwera. Pamafunika masiku kuti nsonga zatsopano zoyera ziphuke.

Maselo amene akadali pa ntchito amadziunjikira shuga ndi proline, imene malalanje amaisunga yambiri kuposa zomera zambiri. Zili ngati kuthira mchere pa nkhwani zodula: madzi amapita komwe kwakolera. Selo likadzikoleretsa mkati limatha kukokabe kachinyontho kotsala. Apa ndi pamene feteleza wa Seputembala analakwira. Kuwaza feteleza pa dothi louma ndiko kukoleretsa kunja kwa muzu, ndipo mpikisano umene muzu unkaupambana movutikira umatembenukira kudothi. Nsonga zopserera za masamba akumtunda zinagwirizana ndi zimenezi.

Palinso utsi wa m'kati. Selo lopanikizika limatulutsa mamolekyu a okosijeni olusa, monga hydrogen peroxide, amene pang'ono amathandiza kufalitsa chenjezo koma akachuluka amaboola khungu la selo. Mtengo umawazimitsa ndi ma enzaimu monga catalase ndi superoxide dismutase. Chilala chikatalika mpaka ozimitsawo kulephera, timizu timafa. Ndipo muzu wa lalanje uli ndi ubweya wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa chimanga. Umadalira ulusi wa fangasi wabwino wa m'nthaka wotchedwa mycorrhiza, umene umalowa m'timing'alu momwe muzu sungafike. Pansi pa mitengo ya m'munda uno panali pose ngati pabwalo la nyumba, popaliridwa mozama ndi kuseseredwa, zinyalala n'kutenthedwa. Zimaoneka zaukhondo, alendo amayamikira, koma khasu lililonse limadula timizu ndi ulusi umenewu.

Za mzere wakumunsi sindichulukitsa. Tsamba silidziwa ngati madzi asowa m'dothi kapena mizu yawola; limangoona kuti sakufika, n'kutseka timabowo ndi kupinda chimodzimodzi.

Zomwe tinachita, ndi pomwe ndinalakwitsa

Kumunsi tinaletsa kuthirira patsinde, tinachotsa dothi lonse mpaka pomezanitsa paonekere, tinapala zilonda mpaka pa khungwa labwino n'kupaka phala la copper oxychloride. Mitengo itatu yozunguliridwa ndi chilonda ndinanena poyera kuti siipulumuka. Isanu yotsalayo tinaiikira madzi kamodzi pa sabata, kutali ndi tsinde. Ndowa zopulumuka kumeneko zinapita kumtunda. Tinakumba ngalande yosazama yozungulira mtengo uliwonse pomwe nthambi zimathera, n'kuthira ndowa 6 nthawi imodzi, kawiri pa sabata, kenako n'kuphimbira ndi udzu wouma ndi mapesi, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuzungulira tsinde chifukwa cha chiswe ndi chinyezi. Feteleza tinaimitsa mpaka mvula itakhazikika.

Patapita masiku atatu foni inaliranso, ndipo ulendo uno mawu anali ena. "Alangizi, mwandiphera mitengo. Miyezi iwiri yakhala yopanda madzi masamba ali pomwepo. Mwabwera inu, tathirira, masamba onse ali pansi." Mayi a kunyumba anali atayamba kale kukayikira kuti wina wathira kanthu m'chitsime.

Ndinapita tsiku lomwelo. Pansi pa mitengo 9 ija panali mphasa ya masamba obiriwira, osati achikasu. Ndinathyola kanthambi n'kuwaonetsa: masamba enieniwo anali atagwa, koma timapesi tawo, tija tokhala ndi timapiko, tinali tikadali panthambi, ngati mano a chipeso. Tsamba la lalanje lili ndi mfundo ziwiri, imodzi pomwe kaphesi kagwira nthambi, ina pomwe tsamba lagwira kaphesi. Likathothoka pa mfundo yachiwiriyi likadali lobiriwira, madzi atangobwera pambuyo pa ludzu lalikulu, ndi chizindikiro chodziwika bwino pa malalanje, ndipo chiyambi chake chili m'muzu.

Ofufuza a ku Valencia ku Spain anachilongosola m'zaka za m'ma 1990, pogwiritsa ntchito mbande za manachesi a Cleopatra. Nthawi ya chilala, ABA ikachuluka m'muzu, muzuwo umayamba kuunjika molekyu yotchedwa ACC. ACC payokha siyoyola tsamba. Ndi ufa wopangira mpweya wa ethylene, womwe uja umapsetsa nthochi zokwiriridwa m'dengu. Pomwe timabowo ta masamba tili totseka, madzi sakwera kwenikweni mumtengo, choncho ACC imangokhala m'muzu ngati katundu wodikira galimoto padepoti. Tsiku lomwe mtengo wamwa, madzi amayambanso kukwera, n'kunyamula katundu yense uja kupita naye kumasamba. Kumeneko ACC imasanduka ethylene, ethylene imadzutsa ma enzaimu osungunula zomatira maselo a pamfundo, tsamba n'kugwa. Pali choseketsa pa dzina la ABA. Frederick Addicott ndi anzake ku California ku America anaipeza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 akufufuza chomwe chimagwetsa zipatso zanthete za thonje, n'kuipatsa dzina lotanthauza kuthothola. Pambuyo pake zinadziwika kuti wothothola weniweni ndi ethylene. Pa malalanje ABA imangokonza njira.

Ndiye masambawo anaweruzidwa kale mu Seputembala, madzi anangonyamula chigamulo. Tikanapanda kuthirira, mvula yoyamba ikanachita zomwezo, mizu itafooka kuposa apa. Cholakwa changa chinali chakuti ndinkazidziwa zimenezi koma sindinawachenjeze. Ndinataya ola lathunthu pa majini ndi mapuloteni, n'kuiwala chiganizo chimodzi chimene mlimi ankafunika kumva: masamba agwa sabata ino, musaope, musaleke kuthirira. Ndinapepesa. Tinakanda khungwa la nthambi zingapo, pansi pake panali pobiriwira ndi ponyowa, ndipo mwini munda anavomera kupitiriza, ngakhale nkhope inkaonetsa kuti akungondipatsa ulemu.

Pa sabata yachinayi mitengo 8 mwa 9 ija inaphukira, ndipo mphukirazo zinadza ndi maluwa ochuluka moti fungo linkandilandira ndisanalowe pageti. Izinso ndi ntchito ya chilala. Kumayiko ozizira malalanje amachita maluwa chifukwa cha nyengo yozizira. Kotentha ludzu limagwira ntchito yomweyo. Mtengo ukamva ludzu, jini ya CiFT imachulukitsa uthenga wake, maso a panthambi amakonzekera kukhala maluwa, koma amadikira madzi kuti atseguke. Alimi a ku Sicily ku Italy amachita dala zimenezi pa mandimu: amawamana madzi m'chilimwe kwa masabata angapo, kenako n'kuthirira, kuti apeze zipatso za kunja kwa nyengo zimene amazitcha verdelli. Mwini munda anasangalala, ine ndinada nkhawa. Mtengo wopanda masamba, wokhala ndi mizu yongoyamba kumene kuphukira nsonga, sungalere zipatso zonsezo. Zitafika pa msinkhu wa nsawawa tinapatulira zoposa theka. Anachita monyinyirika, akuwerenga m'mutu ndalama za pamsika wa Lunzu.

Momwe zinthu zinalili mu Malichi 2025

Kumtunda, mitengo 8 yavala masamba okwanira, ndipo dzenje lomwe tinakumba pansi pa udzu wophimbira linali ndi nsonga zoyera zambiri m'masentimita 20 apamwamba. Wachisanu ndi chinayi, womwe unali pa thanthwe losazama, unauma nthambi zonse za Valencia. Zomwe zaphuka ndi mphukira zaminga za mandimu kunsi kwa pomezanitsa, ndipo tasiya imodzi yowongoka kuti tidzamezanitsenso. Mitengo yapakati sinayoyole masamba ngakhale pang'ono, chifukwa ludzu lake linkatha usiku uliwonse. Kumunsi itatu ija tinazula n'kutentha. Mwa isanu yotsala, itatu zilonda zauma ndipo m'mbali mwake mwayamba khungwa latsopano. Iwiri ikadali ndi masamba achikasu m'mitsempha, ndipo sindiikhulupirira.

Funso lotsala ndi la tsinde lobzalanso m'maenje atatuwo. Mandimu okhakhala amazika mizu mozama ndipo amapirira chilala, n'chifukwa chake kumtunda anatipulumutsa, koma Phytophthora amawagonjetsa mosavuta. Rangpur lime, amene alimi a ku Brazil akhala akumudalira m'minda yosathirira, ali ndi mphamvu yomweyo ndi kufooka komweko. Matsinde a mtundu wa trifoliate ndi ana ake monga Carrizo amalimbana bwino ndi kuwola kwa mizu koma amamva ludzu msanga. Pa makande a m'mbali mwa dambo ine ndikanakonda pasabwererenso lalanje; nthochi zingakondwe pamenepo. Mwini munda akuti mzere wa mitengo 8 uyenera kukhala wa mitengo 8. Tagwirizana kuti maenjewo akhale osakwirira chilimwe chonse, ndipo ngati abzala, abzale pa mitumbira yofika m'bondo, pomezanitsa patalikirane ndi dothi ndi chikhatho chathunthu. Ndawauza kuti akafunse kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe ngati kuli mbande za pa tsinde lina. Ulendo wotsatira ndi wa kumapeto kwa Ogasiti, mbandakucha, ndipo tidzayambira kukumba pa mitengo iwiri yachikasu ija.